Maponi Atatu a pa Boma

Mwana wanga Tiyamike,

Ndikulemba kalatayi iwe uli ku Thuchila komangitsa tsitsi. Amayi ako andikhazika pakhonde ndi kope ndi bolopeni, ati ndisadzuke mpaka nditakulembera malangizo. Ati, "Mwana akupita ku koleji ku Mzuzu mawa, inu bambo wake mungoti uyende bwino basi? Muuzeni za anyamata, za tchalitchi, za kuwerenga." Ndavomera. Ndang'amba kale mapepala awiri. Pa loyamba ndinayamba bwinobwino za anyamata, koma pofika mzere wachinayi ndinapezeka ndikufotokoza mmene kavalo amadumphira pa bolodi. Za anyamatazo akuuza okha amayi ako. Amati amazidziwa, ngakhale kuti anasankha ine, ndiye kaya.

Mutu wanga sukugwira, mwanawe, ndipo chifukwa chake ukuchidziwa. Dzulo ndinakumva ukuuza amayi ako kuti bolodi la chesi sulitenga, ati chikwama chadzaza. Chikwamacho ndachinyamula m'mawa uno popita kukachimangira loko. Sichinadzaze. Chiyambire mpikisano wa ana asukulu uja wa pa Boma, pamene mtsikana wa magalasi uja anakuponyera maponi atatu iwe n'kudya onse, kenako n'kugonja, sunakhudzenso bolodi. Chaka chathunthu. Iwe amene unkandigonjetsa uli Sitandade 7, uku ukusenda chinangwa ndi dzanja linalo! Ukakwera minibasi mawa bolodi lili pano, ndikudziwa kuti chesi wathera pomwepo. Ndiye ndilemba za maponi ndithu. Amayi ako akafunsa, uwauze kuti ndalemba za tchalitchi.

Cholakwa changa choyamba ndinachita iwe usanabadwe. Ine chesi ndinamupeza ndili wamkulu kale. Masewera anga anali dirafuti, amene tinkasewera kumalayini a esiteti tikaweruka ku fakitale ya tiyi, ndi zitsekerero za mabotolo pa katoni. Mu dirafuti, ukudziwa, kudya n'kokakamiza. Mnzako akakuikira pakamwa uyenera kudya, ukapanda kudya amakulanda chitsekererocho anthu akukuwowoza. Zimenezi zinandilowa m'magazi. Ndiye kunabwera a Mulipa, omwewa umawadziwa a ndevu zoyera, nthawi imeneyo ali mlonda wa kanyumba ka alendo pamwamba pa phiri, ku Chambe. Iwo anaphunzira chesi kwa alendo okwera phiri, masiku a chiperoni pamene munthu sangatuluke panja. Bolodi lako lija anasema ndi iwo ndi zidutswa za mkungudza zimene ocheka matabwa anasiya. Tsiku loyamba kusewera nawo anatsogoza poni wa kutsogolo kwa mfumu, ine ndinachita chimodzimodzi. Kenako anatsogoza wa kutsogolo kwa mfumukazi, n'kumuika pakamwa pa poni wanga. Ndinadya. Anandiikira wina pambali pake. Ndinadya. Iwo anangotulutsa bishopu ngati sakuona kuti poni wanga uja wafika pa wachitatu. Ndinati, "A Mulipa, kodi maso ali bwino?" Anati, "Idyani, achimwene, mwaweruka ndi njala." Ndinadyanso. Bishopu wawo winayo anameza poni wanga wokhuta uja. Nditakweza mutu kuti ndiseke, ndinaona mabishopu awiri ataloza kwa mfumu yanga, njira zonse zili pululu, anthu anga onse akadali pa mzere wakumbuyo ngati antchito amene sanamve belu. Sindinathe ngakhale mphindi khumi. A Mulipa anati alendo aja amazitcha gambiti, kupereka poni dala kuti anthu ako atuluke msanga.

Ndiye kumbukira, Tiyamike, chesi si dirafuti. Palibe lamulo loti udye. Munthu akakuponyera poni, usayambe wayang'ana poniyo. Yang'ana kumbuyo kwako, uone amene akadali m'nyumba. Poni wako mmodzi yemweyo akamadya katatu, ndiye kuti katatu konse kavalo wako wangoima, bishopu wangoima, mfumu ili pakati pa msewu. Kumbukira zimenezo. Yang'ana amene akadali m'nyumba.

Koma usathamangire kundikhulupirira, chifukwa cholakwa changa chachiwiri chinachokera pa nzeru yomweyi. Nditapsa mtima ndi kugonja kuja ndinalumbira kuti a Mulipa sindidzawadyeranso kanthu. Kwa miyezi itatu, akatsika kuphiri Loweruka, ankandiikira poni ine n'kumayang'ana kumbali. Ndinkangokankha kaponi kanga ka m'mphepete, kapena kubisa mfumu pakona msangamsanga. Mayo ine! Maponi awo amene ndinkawakana aja sankabwerera kwawo ayi. Ankangolowa, awiri, kukhazikika pakati pa bolodi, kavalo wanga akatuluka amuthamangitsa, akapita uku amuthamangitsanso, mpaka kubwerera pamene anachokera. Ndinkafa pang'onopang'ono, wopanda popumira. Tsiku lina a Mulipa anandiyang'ana n'kuti, "Achimwene, kodi kutchalitchi kwanu mwayamba kusala kudya?" Anthu amene ankaonerera anaseka mpaka wina anatayikira thobwa. Ndiye ukuona vuto langa? Ndikadya ndikugonja, ndikakana ndikugonja. Kusiyana kwake kunali kwakuti pokana ndinkachedwako kupita kunyumba.

Ndiye ndikuuze kuti chiyani? Idya? Usadye? Ndagwira njakata, mwana wanga. Bambo wina akanakulembera mzere umodzi wowongoka, iwe n'kuumata pakhoma la ku hositelo. Ine ndilibe.

Ngakhale kunja kwa bolodi ndinachitapo zomwezi, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinalakwa. Uli wakhanda, bwana wa fakitale anandiitana n'kundiuza kuti akufuna ndikhale kapitawo wa chipinda chosefera tiyi. Sindinapemphe, sindinalembe kalata, anangondiikira pakamwa. Nkhaniyo ndinabwera nayo kunyumba. Amayi ako anati ndivomere. Ine ndinati ayi, chinthu chobwera chokha chili ndi chingwe kumbuyo, akapitawo awiri achotsedwa kale m'chipinda chimenecho. Ndinakana. Ukapitawowo anampatsa mnzanga wina wa ku Phalombe. Patapita zaka ziwiri tiyi wa kontena yathunthu anabwezedwa, mlandu unagwera iye, anamuchotsa ntchito. Ndinauza amayi ako kuti, "Mwaona?" Koma munthu yemweyo, chifukwa choti anakhalapo kapitawo, anakapeza ntchito ina yabwino ku Thyolo, ndipo ine ndinapuma ntchito ndikusefabe tiyi pa makina omwe aja. Tsopano amene amati "Mwaona?" ndi amayi ako. Tikayamba kukambirana nkhaniyi timathera pakati, wina n'kupita kukatsekera nkhuku. Ndaikamo nkhaniyi poganiza kuti ikuthandiza, koma poiwerenganso ndikuona kuti yangosokoneza. Isiye ikhale, pepala latha kale theka.

Tibwerere pa bolodi. Pali chimene sukudziwa. Chaka chonsechi iwe osasewera, ine ndakhala ndikusewera masewera ako a pa Boma aja. Loweruka lililonse ndikati ndikupita kumsika, ndimakhala pakhonde la telala uja wa pafupi ndi chigayo, ine ndi a Mulipa. Iwo amakhala mtsikana wa magalasi, ine ndimakhala iwe. Amandiponyera maponi atatu aja, ine n'kumafunafuna pothawira. Tabwereza kambirimbiri, mpaka telala anayamba kutilozera ndi sizasi kuti, "Apo munayesapo kale sabata yatha, madala." A Mulipa ndiwo anayamba kuona kanjira. Anati vuto si kudya, vuto ndi kukakamira zimene wadya. Anati ukadya, bweza. Mabishopu aja akangokulozera, tsogoza poni wa kutsogolo kwa mfumukazi mabokosi awiri, umuike pakamwa pawo, adye. Pamene iwo akudya, njira ya bishopu wako yatseguka, kavalo wako watuluka. Ine zinandipweteka kumva zimenezi. Munthu wadya ndi thukuta lake, abwezenso? Koma tinayesa, ndipo zinaoneka ngati zikuyenda.

Pamenepo m'pamene ndinachita cholakwa chachitatu, chochititsa manyazi kuposa zinazi. Nditabweza poni uja n'kutulutsa kavalo, a Mulipa anaponya bishopu wawo pafupi ndi mfumu yanga kuiopseza, cheki. Ndinadya ndi mfumu. Mfumu itangosuntha, mfumukazi yawo inadutsa bolodi lonse n'kudya mfumukazi yanga. Iii! M'maso munada bii. Ndinagwira mfumu yanga n'kuigoneka pansi kusonyeza kuti ndagonja, ndinadzuka, ndinayamba kukutumula fumbi pa thalauza. A Mulipa anandigwira malaya. Anati, "Khalani pansi, achimwene, maliro mwalira wodwala akadali moyo." Anadzutsa mfumu ija, anatenga bishopu wanga amene anali asanayendepo, anamutulutsa, cheki. Bishopu atachoka pamenepo, nsanja yanga ya pakona inapezeka ikuyang'anizana ndi mfumukazi yawo. Mfumukaziyo inalibe kothawira. Ikabwerera kukatchinga cheki, bishopu aidya. Ikangokhala, nsanja iidya. Titawerenga anthu otsala tinapeza tili ofanana ndendende. Ine ndinali nditagonja masewera amene sanali ogonja, chifukwa cha mantha basi.

Usaiwale chimenechi, Tiyamike, ngakhale uiwale zina zonse. Usagoneke mfumu chifukwa mtima wagunda. Khala pa manja ako, upume, uyang'anenso bolodi kaye. Yang'ana amene akadali m'nyumba, mwina ndi yemweyo akupulumutse. Ndikunena za bolodi, koma ukudziwa kuti ndikunenanso za iwe. Unagonja masewera amodzi pa Boma, n'kugoneka mfumu chaka chathunthu.

Komabe usaganize kuti tinapeza mankhwala. Kanjira kobweza kaja nthawi zina kamandiyendera, nthawi zina a Mulipa amadya ndi poni m'malo mwa bishopu, ine n'kusokonezekanso. Mwezi watha anagula foni yokhala ndi chesi mkati. Tinati tiifunse. Tinaiponyera gambiti yomweyo kuti tione ichita chiyani. Inadya poni woyamba. Titaiikira wachiwiri, sinadye. Inatsogoza poni wa kutsogolo kwa mfumukazi mabokosi awiri, pomwepo, osadikira mabishopu. A Mulipa anati, "Taonani, yabweza isanakhute." Anayesa kuiukira uku ndi uku, osapeza polowera, chifukwa anthu ake anali atatuluka kale. Anaseka, anati foni ili ndi nzeru kuposa madala awiri. Ine sindinaseke. Ndinangowatsanzika, ndinakwera njinga n'kubwera kunyumba. Amayi ako akukumbukira, tsiku limenelo sindinadye.

Chimene sindinasekere ndi ichi, ndipo ndicho cholakwa chachinayi. Ndakhala ndikuchizungulira kuyambira pamwamba pa kalatayi.

Ukukumbuka mmene ndinakuphunzitsira uli wamng'ono. Ku dirafuti ndi ku bawo, oonerera sakhala chete. Munthu akalephera kuona chakudya, wina kumbuyo amatsokomola pang'ono, ehe, kuti atsegule maso. Palibe amene amati n'kubera, ndi mmene timasewerera. Inenso ndinakulera choncho. Uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ukamasewera ndi a Mulipa pakhonde pano, poni akakhala pakamwa iwe osamuona, ndinkatsokomola, iwe n'kudya, tonse n'kuseka. Utakula unandiposa, sunkafunanso thandizo langa, koma khutu lako linali litazolowera.

Pa Boma paja makolo anatikhazika pa benchi kumbuyo kwa holo, anatiuza kuti pasamveke mawu. Anali masewera omaliza, wopambana apite ku Blantyre. Ndinali pamalo poti bolodi lako ndikuliona bwinobwino. Mtsikana wa magalasi anakuikira poni woyamba, unadya. Anakuikira wachiwiri. Unakhala nthawi yaitali, chibwano chili m'manja. Ine kumbuyo mtima uli m'mwamba, ndikuti mwanayu akudikira chiyani, poni waulere uyo, sakumuona kodi? Ndinaiwala zonse zimene a Mulipa anandichita zaka zija. Ndinkangoona mwana wanga akusiya chakudya pamaso pa anthu. Kenako dzanja lako linadzuka. Ndinatsokomola. Dzanja linaima m'malere. Sunatembenuke, koma ndinaona khosi lako likuuma. Dzanja lija linabwerera, linapita uko, linadya. Wachitatu unadya wekha, njira inali itatsetsereka kale.

Mayi woyang'anira mpikisano anabwera pa benchi n'kuti, "Bambo, tulukani." Ndinati ndi fumbi la tiyi, ndagwira ntchito m'fakitale zaka zambiri, chifuwa sichindichoka. Anati, "Kakhosomoleni panja." Ndinaima pansi pa mtengo wa mapeyala, ndikumva ana a sukulu zina akudutsa n'kumati, uja amachita kuuzidwa ndi bambo ake, n'chifukwa chake amapambana. Ana amene unawagonjetsa ndi mutu wako! Pobwerera unali pa kaliyala ya njinga. Titawoloka mlatho unafunsa funso limodzi lokha: "Chinali chifuwa, bambo?" Ndinati eya. Kunyumba amayi ako anandiphikira jinja ndi mandimu sabata yathunthu, ndipo ndinamwa, iwe ukundiyang'ana.

Chaka chonsechi ndadzifunsa. Chifuwa ndili nacho ndithu, umandimva m'mawa. Masiku ena ndinkafika pokhulupirira ndekha kuti linali fumbi, kuti linangokumana ndi nthawi yoipa. Masiku ena ndinkati ngakhale ndinatsokomola, ndinkafuna kukuthandiza, kholo lililonse likanatero. Ndinkatinso mwina ukanagonjabe, mtsikana uja anali wakuthwa. Ndinkasinthasintha choncho ngati munthu wogona pa mphasa ya nsikidzi. Koma tsiku la foni lija zonsezi zinatha, chifukwa poni amene foni inatsogoza ndinamuzindikira. Ndi yemwe uja dzanja lako linkapitako.

Sichinali chifuwa, Tiyamike. Ndinatsokomola dala. Ndinakunamiza pa njinga, ndinanamiza amayi ako, ndipo a Mulipa mpaka lero sadziwa. Iwe unali utaona chimene madala awiri anachifunafuna chaka chathunthu pakhonde la telala, unachiona wekha, pa mphindi zochepa, anthu akukuyang'ana. Unagonja chifukwa unamvera bambo ako. Pepa, mwana wanga. Ndikuchita manyazi, ndipo ndikuchita mantha kuti ndachedwa.

Ndiye ukuona chifukwa chake kalatayi yandivuta. Andiuza kuti ndikulangize, pamene malangizo anga omaliza ndi amene anakugwetsa. Ndikati undimvere, ndikubwereza za pa Boma. Ndikati usandimvere, ndiye kalata yonseyi ndalemberanji? Sindikudziwa. Za poni wachiwiri uja, a Mulipa akuti idya ubweze pambuyo pake, foni ikuti bweza pomwepo, ine sindinenanso kanthu. Ku Mzuzu ukapeza ena oponya maponi, mwina a mtundu wina umene ife sitinauonepo. Ukayang'ane amene akadali m'nyumba, ukapume, kenako ukapite kumene dzanja lako likupita. Ukagonja, ukagonje ndi nzeru zako, ukadziwa pokonza.

Amayi ako amafuna ndilowetse bolodi m'chikwama mwako mwakachetechete, pansi pa bulangete, ukalipeze utafika. Ndakana. Kumeneko kukanakhala kutsokomolanso. Ndalikulunga m'chitenje chobiriwira chija, anthu onse ali m'kathumba kawo, ndawawerenga kawiri, ndipo ndaliika pa mpando pafupi ndi chitseko. Ukalisiya sindikufunsa, ngakhale pa holide. Ukalitenga sindinenanso kanthu, ndingonyamula chikwama.

Mawa ndikuperekeza mpaka pa siteji. Msewu uja uli ndi fumbi, ndipo minibasi ikamanyamuka mwina undimva ndikutsokomola. Kaya chidzakhala chifuwa kaya ndi ine, usatembenuke.

Ndine bambo ako.